Katemera wa Chigodola cha Ng'ombe: Mmene Thupi Limaphunzirira Kudziteteza

Mvula ikakhazikika, m'miyezi ya Januwale, Febuluwale ndi Malichi, msipu umachuluka kudambo ndipo ng'ombe zimayamba kunenepa. Koma nyengo yomweyi ndiyo imene alimi oŵeta ng'ombe m'Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto amakhala ndi nkhaŵa. Mbusa amabwera madzulo ndi kunena kuti thole lina silinadye, langoima pansi pa mtengo mutu uli zyoli. Mwini khola akaligwira kunsi kwa khutu amapeza mwanabere wotupa ngati dzira la nkhuku. Pakapita mlungu umodzi kapena iŵiri tholelo limayamba kubanika, thovu lili kutuluka m'mphuno, kenaka limafa. Ameneŵa ndi matenda a chigodola cha ng'ombe, amene pa Chingerezi amatchedwa East Coast Fever.

Wina angadabwe kuona nkhani ya ng'ombe m'magazini ya zaumoyo. Komatu ng'ombe ikafa pakhomo, wovutika si mwini khola yekha. Mkaka umene mwana wa kusikelo amathira m'phala umatha, ngolo yonyamula odwala ndi chimanga imaima, ndipo ndalama za sukulu zimasoŵa. Chinanso nchakuti kachirombo koyambitsa chigodola ndi kachibale ka kachirombo ka malungo, ndipo thupi la ng'ombe limadziteteza m'njira zofanana kwambiri ndi thupi la munthu. Amene wamvetsa katemera wa ng'ombeyu savutika kumvetsa katemera wa mwana wake.

Kachirombo kobisala mwa asilikali

Kachirombo ka chigodola kamatchedwa Theileria parva. Dzinali linatengedwa kwa Arnold Theiler, dokotala wa ziŵeto wobadwira ku Switzerland amene ankagwira ntchito ku South Africa. Matendaŵa anafika kummwera kwa mtsinje wa Zambezi m'zaka za 1901 ndi 1902, pamodzi ndi ng'ombe zochokera kugombe la kum'maŵa kwa Africa zimene zinatsikira pa doko la Beira, ndipo anapulula makola ambiri m'dziko limene lero ndi Zimbabwe. Poyamba akatswiri ankayesa kuti ndi matenda okodza magazi amene ankawadziŵa kale, koma mu 1904 Theiler anaonetsa kuti ndi matenda ena, a kachirombo kena.

Chonyamula kachiromboka ndi nkhupakupa yofiirira imene imakonda kuluma m'makutu mwa ng'ombe. Nkhupakupayi imayamwa magazi katatu pa moyo wake, ndipo ikakhuta imagwa pansi, kufundula, ndi kukwera ng'ombe ina. Ikayamwa ng'ombe yokhala ndi kachirombo idakali yaing'ono, imakapatsira ng'ombe ina itakula. Sipatsira tsiku limene yaluma: tizirombo timakhwima m'malovu ake nkhupakupayo itayamwa masiku angapo.

Kuti munthu amvetse zimene zimachitika pambuyo pake, ayenera kudziŵa kuti m'magazi muli tizigawo ting'onoting'ono tamoyo totchedwa maselo. Maselo ofiira amanyamula mpweya wabwino, ndipo maselo oyera ndiwo asilikali oteteza thupi. Tizirombo tambiri timathaŵa asilikaliŵa, koma kachirombo ka chigodola kamachita zosiyana. Kakangotuluka m'malovu a nkhupakupa kamaloŵa m'kati mwa msilikali weniweniyo, ndipo kamamukakamiza kugaŵikana paŵiri mosalekeza, monga amachitira maselo a khansa. Selo likagaŵikana, kachirombo nakonso kamagaŵikana, kotero kuti selo latsopano lililonse limabadwa ndi mdani m'kati mwake. Chiŵerengero cha maselo ogwidwaŵa chimaŵirikiza pafupifupi kakhumi pa masiku atatu alionse.

Ndicho chifukwa chake mwanabere wa kunsi kwa khutu, pafupi ndi pamene nkhupakupa inaluma, ndiye amayamba kutupa. Kenaka amatupa wa patsogolo pa phewa ndi wa patsogolo pa ntchafu. Kutentha kwa thupi, kumene pa ng'ombe yabwino kumakhala madigiri 38 kapena 39, kumakwera kufika 41 ngakhale 42. Pomaliza maselo ogwidwa aja amadzaza m'mapapo, madzi amasefukira m'menemo, ndipo ng'ombe imafa ngati yomira. Kaŵirikaŵiri imfa imafika pakati pa masiku 18 ndi 30 chilumire nkhupakupa. Ng'ombe za mkaka zachizungu ndi zosakaniza mtundu, zikapanda kulandira mankhwala, zimafa pafupifupi zonse. Ng'ombe zamakolo za linunda zobadwira kumene kuli matendaŵa zimapirira koposa, ngakhale kuti mathole ake ena amafa ndithu.

Njira ziŵiri zodzitetezera

Alimi akale ankadziŵa chinthu chimodzi choona: ng'ombe imene yadwala chigodola ndi kuchira sidwalanso kaŵirikaŵiri. Akatswiri anatha zaka zambiri akufufuza chimene chimatsala m'thupi la ng'ombe yochirayo.

Thupi lili ndi njira ziŵiri zazikulu zolimbanira ndi tizirombo timene lakumana nato kale. Njira yoyamba ndi ya timankhwala totchedwa ma antibody, timene asilikali ena amapanga ndi kuthira m'madzi a magazi. Timankhwalati timamatirira kachirombo kamene kali kuyenda poyera ndi kukalepheretsa kuloŵa m'maselo. Akatemera ambiri a kusikelo, monga wa kafumbata, amadalira njira imeneyi. Njira yachiŵiri ndi ya asilikali opha, otchedwa maselo a CD8. Ameneŵa sathira mankhwala m'magazi, koma amayenda ndi kuyang'anitsitsa maselo a thupi limodzilimodzi, ndipo akapeza lokhala ndi mdani m'kati amaliphera pomwepo pamodzi ndi mdaniyo.

Kusiyana kwa njira ziŵirizi kungamveke bwino poganizira za nankafumbwe m'nkhokwe. Mankhwala owaza pa chimanga amapha nankafumbwe amene ali kuyenda kunja, koma amene waloŵa kale m'kati mwa njere samukhudza. Njere yofumbwa imachotsedwa ndi mayi wosankha chimanga m'lichero, amene amaizindikira ndi kabowo ndiponso kaufa kotuluka pa kabowopo. Selo logwidwa ndi chigodola nalonso limaonetsa kunja kwake tizidutswa ta kachirombo kamene kali m'kati, ndipo msilikali wopha amene anaona kale tizidutswa timeneti amalizindikira msanga.

Pa chigodola, kachirombo kamakhala poyera nthaŵi yochepa chabe, pakati pa malovu a nkhupakupa ndi selo loyamba. Kakaloŵa, ma antibody alibenso ntchito. Akatswiri anayesa kuchotsa madzi a magazi a ng'ombe yochira, odzaza ndi ma antibody, ndi kubaya ng'ombe ina, koma ng'ombeyo sinatetezeke. Tsono mu 1994, ku Nairobi m'dziko la Kenya, anatenga mathole amapasa ofanana m'zonse. Limodzi linali lotetezeka kale ku chigodola, ndipo linzake analipatsa matenda oti akanalipha. Atachotsa maselo a CD8 mwa lotetezeka lija ndi kuwaika mwa lodwalalo, matenda anagonja. Apa panadziŵika poyera kuti mwini ntchito ndi msilikali wopha.

Vuto lake nlakuti asilikali opha saphunzira bwino ndi kachirombo kakufa. Amafuna kuona selo lamoyo lokhala ndi kachirombo kamoyo m'kati. Akatswiri ayesapo katemera wopangidwa ndi chidutswa cha chikopa cha kachirombo, chotchedwa p67, kuti thupi lipange ma antibody ogwira kachirombo kasanaloŵe m'selo. Ng'ombe zina zinatetezeka, zina ayi, pakuti kachirombo kamodzi kokha kakapulumuka ndi kuloŵa m'selo kangathe kuchulukana mpaka kupha.

Amayi a kusikelo angaone pano chifukwa chake katemera wa malungo anachedwa kupezeka. Dziko la Malaŵi linali loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo wa RTS,S kwa ana, pa 23 Epulo 2019, ndipo Ghana ndi Kenya anatsatira chaka chomwecho. Katemerayu amagwira ntchito mofanana ndi p67 uja: amaphunzitsa thupi kugwira kachirombo kochokera m'malovu a udzudzu kasanaloŵe m'chiŵindi. Amachepetsa malungo ndi kupulumutsa miyoyo, koma satsekereza kachirombo kalikonse. Nchifukwa chake mwana amabayidwa kanayi, ndiponso amagonabe m'masikito ngakhale atatsiriza katemera.

Kupatsa matenda pamodzi ndi mankhwala

Popeza thupi la ng'ombe limafuna kuona kachirombo kamoyo, katemera wa chigodola ndi matenda enieniwo operekedwa mwadala, pa muyeso wodziŵika, pamodzi ndi mankhwala owafooketsa. Njirayi inakonzedwa ku Muguga, pafupi ndi Nairobi, ndipo inalengezedwa mu 1975. Popanga katemerayu, nkhupakupa zokhala ndi kachirombo amaziyamwitsa pa makutu a akalulu oŵeta kwa masiku anayi kuti tizirombo tikhwime, kenaka amazipera, kusefa madzi ake, ndi kuwathira m'timapaipi tating'ono ngati phesi la udzu. Timapaipito amatisunga m'zigubu za nitrogen wamadzi, amene amazizira kufika madigiri 196 kunsi kwa ziro. Ntchito yonse, pamodzi ndi kuyesa muyeso woyenera pa ng'ombe, imatenga nthaŵi yoposa chaka. Ku Lilongwe kuli malo otchedwa Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases, amene mu 2014 anatulutsa katemera wa Muguga wopangidwa m'Malaŵi.

Tsiku la katemera, thole limabayidwa majekeseni aŵiri. Woyamba ndi wa tizirombo, ndipo amabayidwa pansi pa chikopa pafupi ndi khutu, pamene nkhupakupa ikanaluma. Wachiŵiri ndi wa mankhwala a oxytetracycline okhalitsa m'thupi, ndipo amabayidwa mumnofu. Mankhwalaŵa sapha tizirombo tonse. Akanatipha tonse, thupi silikanaphunzira kanthu. Ntchito yake ndi kuchedwetsa kuchulukana kwa maselo ogwidwa, kuti asilikali opha apeze masiku okwanira kuzindikira mdani ndi kuchulukana iwonso. Pa matenda achilengedwe kachirombo ndiko kamatsogola ndipo asilikali amafika mochedwa. Pa katemera, asilikali amafika kachirombo kasanapite patali. Nkhondo ikatha, ena mwa asilikaliwo amatsala m'thupi ali kukumbukira nkhope ya mdaniyo. Chitetezo chimakhwima pakapita pafupifupi mwezi umodzi, ndipo chimakhala zaka zambiri. Kumene nkhupakupa zimalumabe ng'ombe mwa apo ndi apo, katemera mmodzi amakwanira moyo wonse wa ng'ombe.

Malamulo onse amene alangizi a ziŵeto amaumirira amachokera pa mfundo imodzi yomweyi, yakuti katemerayu ndi wamoyo.

Kapaipi kamodzi kamakhala ndi muyeso wa mathole ambiri, kaŵirikaŵiri 40, ndipo kakasungunulidwa tizirombo timangokhala moyo maola ochepa, ngakhale pa madzi oundana. Motero mlangizi sangabwere kudzabaya thole limodzi. Alimi a mudzi umodzi kapena a dibi limodzi ayenera kugwirizana, kulembetsa mathole awo, ndi kufika nawo m'maŵa pa nthaŵi imene apangana. Mlimi wochedwa amaononga katemera wa anzake. Katemera amene tizirombo take tafa ndi woipa kuposa kusabaya, pakuti mwini ng'ombe amakhala ndi mtima pansi poyesa kuti thole lake ndi lotetezeka.

Thole lililonse limayesedwa kulemera kwake, pa sikelo kapena ndi lamba woyesera pachifuwa, chifukwa muyeso wa oxytetracycline umatsata kulemera. Kungoyerekeza ndi maso nkoopsa: mankhwala akachepa, thole limadwala chigodola chenicheni. Pa chifukwa chomwechi kubaya mathole nkotchipa kuposa kubaya ng'ombe zazikulu, ndipo thole lingathe kulandira katemera kuyambira pa mwezi umodzi wakubadwa. Ng'ombe yodwala, yoonda kwambiri, kapena ya bere lalikulu siibayidwa, pakuti asilikali ake ndi ofooka kapena otanganidwa kale. Mwini ng'ombe auze mlangizi za mankhwala alionse amene wapereka posachedwa, makamaka a njoka za m'mimba.

Atabayidwa, mathole ayang'aniridwe tsiku ndi tsiku kwa mwezi wathunthu, makamaka mlungu wachiŵiri ndi wachitatu. Kutupa pang'ono kwa mwanabere wa kukhutu sikodetsa nkhaŵa; ndi chizindikiro chakuti asilikali ali pa ntchito. Koma thole limene laleka kuyamwa kapena kudya, latentha thupi kwambiri, kapena likupuma movutika, mwini wake akaitane mlangizi tsiku lomwelo. Mathole otere amakhala ochepa, ndipo mankhwala a buparvaquone amawachiza akaperekedwa msanga. Ndolo ya nambala imene imaikidwa pa khutu la thole lobayidwa isachotsedwe, popeza ndiyo kadi yake ya katemera, ndipo pogulitsa imakweza mtengo.

Chifukwa chake ng'ombe yobayidwa ingadwalebe

Apa ndi pamene alimi ambiri amakhumudwa ndi kunena kuti katemera ndi wabodza. Asilikali opha ndi akatswiri pa nkhope imodzi. Amagwira tizidutswa tochepa chabe ta kachirombo kamene anaphunzira nako, ndipo kachirombo ka chigodola kali ndi mafuko ambiri osiyana tizidutswa timeneti. Ng'ombe yotetezeka ku fuko limodzi ingathe kugwidwa ndi fuko lina. Pofuna kuchepetsa vutoli, katemera wa Muguga anasakaniza mafuko atatu, otchedwa Muguga, Kiambu 5 ndi Serengeti. Maiko ena anasankha mafuko a kwawo komweko: kum'maŵa kwa Zambia fuko la Katete, kummwera kwake fuko la Chitongo, ndipo ku Zimbabwe fuko la Boleni.

Mafuko ovuta koposa ndi amene amakhala mwa njati. Njati imanyamula tiziromboti osadwala, ndipo nkhupakupa zogwa kwa njati zingathe kupha ngakhale ng'ombe yobayidwa. Alimi okhala m'malire mwa nkhalango zosungira nyama, monga ya Kasungu ndi ya Vwaza, asadyetse ng'ombe kumene njati zimadya.

Palinso china choyenera kudziŵika. Ng'ombe yobayidwa, monganso yochira, imasunga tizirombo tochepa m'thupi kwa nthaŵi yaitali, ndipo nkhupakupa zingathe kutitenga. Nchifukwa chake katemerayu saperekedwa chisawawa kumadera kumene kulibe chigodola, ndiponso kusamutsa ng'ombe kuchoka boma lina kupita lina kumafuna chilolezo cha a zaziŵeto.

Matenda okodza magazi ndi a ndulu

Katemera wa chigodola amateteza ku chigodola chokha. Nkhupakupa yobiriŵira, imene imakhala pa ng'ombe imodzi kuyambira ili yaing'ono mpaka kukhuta, imanyamula tizirombo tina totchedwa Babesia. Timeneti timaloŵa m'maselo ofiira ndi kuwaphwanya, ndipo ng'ombe imasoŵa magazi ndi kukodza mkodzo wofiira. Mu 1893, ku America, Theobald Smith ndi Fred Kilborne anaonetsa kuti matendaŵa amafala ndi nkhupakupa, zaka zingapo anthu asanatsimikize kuti malungo amafala ndi udzudzu.

Pa matenda ameneŵa chiŵalo chofunika ndi kapamba, yemwe uja amatupa kumanzere kwa mimba mwa ana odwala malungo pafupipafupi. Kapamba amasefa magazi ndi kuchotsa maselo ofiira ogwidwa, mothandizidwa ndi ma antibody. Chodabwitsa nchakuti thole limalimbana ndi Babesia bwino kuposa ng'ombe yaikulu. M'miyezi yoyamba limatetezedwa ndi mkaka woyamba wachikasu wa make, ndipo pambuyo pake kapamba wake amayankha msanga ndi mwamphamvu mpaka litafika miyezi pafupifupi 9. Thole lolumidwa pa msinkhu umenewu limadwala pang'ono ndi kutetezeka, pamene ng'ombe yaikulu yokumana ndi matendaŵa koyamba ingathe kufa m'masiku ochepa. Motero katemera wake, amene ndi magazi okhala ndi tizirombo tamoyo tofooketsedwa, amaperekedwa kwa mathole a miyezi 3 mpaka 9. Njira yofooketsera tiziromboti inakonzedwa ku Australia m'zaka za m'ma 1960. Pa matenda a ndulu, oyambitsidwa ndi Anaplasma marginale, Theiler yemwe uja anapeza mu 1911 kachibale kofatsa kotchedwa Anaplasma centrale, kamene kamadwalitsa pang'ono ndi kuchepetsa ukali wa matenda enieniwo.

Dibi ndi katemera

Mlimi amene wabayitsa mathole ake asaleke kusambitsa ng'ombe, pakuti nkhupakupa zimayamwa magazi, zimaononga maŵere ndi makutu, ndipo zimanyamula matenda ena aja. Komabe dibi palokha lili ndi msampha wake. Ng'ombe yosamba mlungu uliwonse kuyambira kubadwa, yosalumidwa konse, imakula ndi asilikali osaphunzira. Ku Zimbabwe ng'ombe zinasamba mokakamizidwa kwa zaka zoposa 50. Pa nkhondo ya ufulu ya m'ma 1970 madibi ambiri a kumidzi analeka kugwira ntchito, nkhupakupa zinabwerera, ndipo akatswiri anayerekeza kuti ng'ombe pafupifupi 1 miliyoni zinafa, zambiri mwa izo ndi matenda a nkhupakupa. Ng'ombe yobayidwa sidalira kuti mankhwala a dibi apezeke mlungu uliwonse. Kuchuluka kwa masiku osambitsa pambuyo pa katemera kumasiyana malinga ndi mtundu wa ng'ombe, dera ndi nyengo, ndipo woyenera kulangiza ndi mlangizi wa ziŵeto wa m'deralo.

Mkaka ndi nyama

Chigodola cha ng'ombe sichigwira anthu. Choopsa kwa banja ndi mankhwala. Oxytetracycline amakhala masiku ambiri m'thupi la ng'ombe ndipo amatuluka mumkaka. Ng'ombe yokamidwa ikabayidwa, mkaka wake usamwedwe kapena kugulitsidwa mpaka atakwana masiku olembedwa pa botolo, ndipo masiku odikira isanaphedwe ndi ochuluka kuposa a mkaka. Mankhwala otsalira otere, akamadyedwa pang'onopang'ono, amazoloŵeretsa tizirombo ta m'thupi la munthu, kotero kuti mankhwala a kuchipatala amadzalephera kugwira ntchito pa tsiku limene afunika.

Ng'ombe yofa yokha isasendedwe kapena kugaŵidwa pamudzi chifukwa chakuti mwini wake wanena kuti chinali chigodola. Matenda a anthrax nawonso amapha ng'ombe mwadzidzidzi, ndipo ameneŵa amagwira wosenda, wonyamula chikopa ndi wodya nyama yomwe. Mtembo wa ng'ombe usiyidwe osatumbula, agalu ndi ana asaufike, mpaka mlangizi wa ziŵeto atauona.